Musamagamule Chinthu ndi Dzina Lokha: Za Jeli ndi Abale Ake

Ananu, mwakulira m'nyengo imene zinthu zambiri zimafika m'manja mwanu zili m'botolo kapena m'kapaketi, dzina litalembedwa kale ndi anthu akutali amene simudzawaona. Mwa mayina amenewa lilipo limodzi limene mumakumana nalo kawirikawiri osaliganizira n'komwe, ndilo jeli, pamodzi ndi m'bale wake amene pa mabotolo amalembedwa kuti "gel". Anyamata amapaka m'tsitsi. Nthawi ya Covid-19 anthu ankapaka m'manja pakhomo la banki ndi la tchalitchi. Kuchipatala amapaka pamimba pa mayi woyembekezera asanamuunike pa sikani. Ana amadya wofiira ndi wobiriwira pa phwando, amayi amadzoza makanda wina wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, ndipo m'bokosi la nsapato zatsopano mumapezeka kathumba ka timibulu touma gwa, tolembedwa dzina lomwelo. Zinthu zimenezi sizichokera kumodzi, ntchito zake n'zosiyana, ndipo zina mutazisinthanitsa zikhoza kukupwetekani. Nanga dzina limodzi linazifungatira bwanji zonsezi? Yankho lili m'mbiri ya liwulo, ndipo m'mbiriyo muli chimene ndikufuna kuti muchigwire: dzina limangosunga chimene anthu otcha dzinawo anaona pa nthawi imeneyo. Pabwalo la milandu dzina lingakhale mboni imene inaona mbali imodzi ya nkhani, koma silingakhale pa mpando wa mfumu yogamula. Mboni timaimvetsera mwaulemu, kenaka timaifunsa kuti inaima pati pamene inkaona zimene ikunenazo.

Liwuli linabadwira m'chisanu. Aroma akale, m'Chilatini chawo, kuzizira koopsa kumene kumaumitsa madzi ankakutcha "gelu", ndipo mneni wake unali "gelare", kutanthauza kuundana ndi chisanu. M'menemo munalibe chakudya kapena mafuta odzola. Munali nyengo yokhayokha. Ufumu wa Roma utatha, Chilatini chinabala zilankhulo zingapo, ndipo chilichonse chinalitenga liwuli n'kulitchula mwa njira yake. Apwitikizi mpaka lero madzi oundana amawatcha "gelo", a ku Spain amati "hielo", a ku Italy ayisikilimu wawo ndi "gelato". Ofufuza zilankhulo amatiuzanso kuti "cold" wa Angelezi ndi "kalt" wa Ajeremani ndi a fuko limodzi ndi "gelu", ngakhale kuti sanatengedwe ku Chilatini. Onsewa anatuluka m'chilankhulo chakale kwambiri chimene sichinalembedwepo. Koma liwu limene inu munalandira linadzera m'khitchini ya Afalansa. Kwa iwo "gelée" ndi chisanu chija chimagwa m'bandakucha n'kuwaula mbewu, komanso ndi msuzi wa nyama umene wagwirana, ndipo matanthauzo awiriwa akadali pamodzi m'Chifalansa mpaka lero. Chifukwa chake sichivuta kuchiona. Wophika wa makedzana analibe firiji. Akawiritsa mapazi a ng'ombe kapena a nkhumba kwa maola ambiri, msuziwo n'kuusiya m'chipinda chozizira, m'mawa ankaupeza utalimba, ukunjenjemera m'mbale. Dzulo anali madzi, lero n'chinthu chodulika ndi mpeni, ndipo pakati pake pangodutsa usiku wozizira. Akanati chiyani, kupatula kunena kuti msuzi waundana? Liwuli linayamba kupezeka m'Chingelezi m'zaka za m'ma 1300, pamene Chifalansa chinali chitakhala kale chilankhulo cha mabwana ndi makhitchini awo ku England, kuyambira pamene anthu a ku Normandy analanda dzikolo mu 1066. Choncho jeli woyamba wa Angelezi sanali wotsekemera uja ana amadya lero. Anali wa nyama kapena wa nsomba, wofanana ndi msuzi wa mang'ina umene mumaupeza utagwirana m'poto ukagona.

Tsono tiyeni tiifunse mboniyi. Kodi msuzi uja unaundanadi monga amachitira madzi m'firiji? Ayi. Madzi amaundana pa madigiri 0, chonsecho msuzi wa mang'ina umagwirana m'nyumba momwe madzi a mumtsuko ali madzi ndithu. Chimene chimachitika n'china. M'chikopa, m'mafupa ndi m'mitsempha yolumikiza mafupa muli puloteni yotchedwa kolajeni, yopangidwa ndi tizingwe titatu topotana. Moto wa nthawi yaitali umamasula tizingweto n'kutimwaza m'madzi, ndipo apo ndiye kuti kolajeni wasanduka jelatini. Msuzi ukayamba kupola, tizingwe tija timapotananso apa ndi apo, n'kulukana m'poto monse, madzi n'kutsekeredwa m'timipata. Sipafunika zambiri: magawo awiri okha a jelatini pa magawo 100 a madzi amakwanira kuti madziwo aime. Umboni woti chisanu si mwini ntchito simungaufune kutali. Thirani chinanazi chosaphika kapena papaya wosaphika mu jeli wa jelatini. Ngakhale agone m'firiji usiku wonse sagwira, chifukwa zipatsozi zili ndi mphamvu yodula tizingwe tija, mphamvu yomweyo imene imafewetsa nyama yolimba ikakulungidwa m'masamba a papaya. Chinanazi chomwecho mukayamba mwachiphika, jeli amagwira bwinobwino. Ndiye kuti wophika wa ku France anaona zoona, koma anaona theka. Liwu lakuti kolajeni nalonso lili ndi kwawo. Linapangidwa kuchokera ku Chigiriki "kolla", kutanthauza guluu, pakuti kuyambira kalekale amisiri ankawiritsa zikopa ndi mafupa kuti apeze chomatira matabwa. Chinthu chimodzi chomwecho wophika anachitcha chisanu, kalipentala anachitcha guluu. Palibe ananama, koma palibenso ananena zonse.

Mukayenda m'zilankhulo zina mupeza kuti mtundu uliwonse unayang'ana pake. Ku Russia chakudya cha msuzi wa nyama wogwirana chili ndi mayina awiri, "kholodets" ndi "studen", ndipo onse awiri anachokera ku mawu onena za kuzizira. Ku China jeli wa zipatso ndi "guodong", ndiko kuti chipatso choundana. Anthu a ku China sanabwereke kanthu kwa Aroma. Anangoona zofanana, poti nawonso amaidziwa nyengo imene mitsinje imauma ndi chisanu. Koma si onse anaganizira za nyengo. Ajeremani chakudya chofananacho amachitcha "Sülze", dzina limene muzu wake ndi mchere, chifukwa kwa iwo chachikulu chinali madzi amchere osungiramo nyama. Anthu a ku Russia omwewo ali ndi china chotchedwa "kisel", kuchokera ku liwu la kuwawasa, chifukwa poyamba chinkaphikidwa ndi ufa wosasitsa; lero amachipanga ndi zipatso ndi shuga, n'chotsekemera, koma dzina likuumirirabe kuti n'chowawasa. Apwitikizi anatcha "marmelada" chakudya chophikidwa kuchokera ku chipatso chotchedwa "marmelo". Angelezi anatenga dzinalo, chipatsocho n'kuchisiya, ndipo lero "marmalade" wawo ndi wa malalanje. Mu 1825 katswiri wa ku France, Henri Braconnot, atapatula chimene chimalimbitsa jamu wa zipatso, anakatenga ku Chigiriki liwu lotanthauza chogwirana, n'kupanga dzina lakuti pekitini. Pekitini sachokera ku nyama n'komwe. Ali m'makoko a mandimu, m'magwafa ndi m'malambe, ndipo kuti agwire amafuna shuga wambiri ndi kuwawasa pang'ono.

Pa zonsezi nkhani yoyenera kuimapo nthawi ndi ya agar, chifukwa ndi pamene kuyang'ana chinthu chenichenicho kunathandiza kupulumutsa miyoyo yosawerengeka. "Agar-agar" ndi liwu la anthu a ku Malaysia ndi Indonesia, dzina la ndere zofiira za m'nyanja ya mchere. Iwo anatcha chinthucho ndi chomera chimene chimachibala. Ku Japan amati "kanten", ndiko kuti thambo lozizira. Kumeneko amasimba kuti m'zaka za m'ma 1600 mwini nyumba ya alendo ku Fushimi, ku Kyoto, dzina lake Mino Tarozaemon, anasiya panja zotsala za chakudya cha ndere m'nyengo yachisanu, ndipo zitamaundana usiku n'kumauma masana, zinasanduka chinthu choyera chosungika nthawi yaitali. Dzinalo likunena za kapangidwe kake. Wongomva dzina angaganize kuti n'chinthu choopa kutentha, chonsecho phindu lake lonse lagona pakuti sichiopa kutentha. Jelatini amasungunuka pa madigiri osapitirira 35, n'chifukwa chake amathera m'kamwa. Agar sasungunuka mpaka pafupifupi madigiri 85. Kusiyana kumeneku kunadzakhala nkhani yaikulu ku Germany mu 1881. Robert Koch ndi anzake ankafuna kulera mabakiteriya pa chinthu cholimba choonekera mkati, kuti mtundu uliwonse umere paokha n'kudziwika. Ankagwiritsa ntchito jelatini, koma tizilombo toyambitsa matenda a anthu timakula bwino pa kutentha kwa thupi, madigiri 37, ndipo pamenepo jelatini amakhala atasanduka madzi. Kuonjezera apo, mabakiteriya ena amamudya jelatiniyo. Amene anamasula mfundoyi sanali pulofesa ayi. Anali Fanny Hesse, mkazi wa dokotala Walther Hesse amene ankagwira ntchito ndi Koch. Mayiyu ankathandiza mwamuna wake mu labotale, ndipo anali ataphunzira kwa anansi amene anakhalako ku Java kuti kumayiko otentha chimene chimagwiritsa chakudya ndi agar. Anamuuza mwamuna wake kuti ayese, zinatheka, ndipo Koch anatchula agar m'zolemba zake za mu 1882, chaka chimene analengeza kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu. Dzina la mayiyo sanalitchule, ndipo chimenecho chinali chisalungamo. Mpaka lero labotale ikafuna kutsimikiza kolera kapena tayifodi imadzala tizilombo pa agar. Pakamwa pa anthu, wa jelatini ndi wa agar onse ndi jeli. Mayi Hesse akanakhala wa maganizo akuti jeli ndi jeli basi, sakanatsegula pakamwa.

Pofika nthawi imeneyo liwu lathu linali litatuluka kale m'khitchini. Mu 1656 dokotala wa ku England, Thomas Wharton, anafotokoza za zinthu zofewa za mkati mwa chingwe cha mchombo, ndipo mpaka lero azamba ophunzira amazitcha jeli wa Wharton. Aliyense wa ife anabadwa atalumikizidwa kwa mayi wake ndi chingwe chodzaza jeli ameneyu. Thomas Graham, katswiri wa ku Glasgow, mu 1861 anapanga liwu lakuti "colloid" kuchokera ku "kolla" uja wa guluu, ndipo ndi yemweyonso anadula "gelatine" n'kusiya "gel", kuti likhale dzina la chinthu chilichonse choima motero, kaya chapangidwa ndi chiyani. Apa tanthauzo linasamuka kotheratu. Silikunenanso chimene chalimbitsa chinthu, kapena ngati n'chodyedwa. Likungonena kaimidwe kake, kuti si madzi komanso si mwala. Chitseko chitatseguka motero zinalowa zambiri. Robert Chesebrough anapita ku Titusville, m'chigawo cha Pennsylvania, mu 1859, kumene anthu anali atangoyamba kukumba zitsime za mafuta. Anapeza antchito akupaka pa zilonda phula lina limene linkakangamira ku zitsulo za mipope, analiyeretsa, ndipo mu 1872 analandira chilolezo chaumwini wa "petroleum jelly", amene inu mumamudziwa kuti Vaseline. Mafotokozedwe ofala amati dzina la Vaseline linalumikiza liwu la Chijeremani la madzi ndi la Chigiriki la mafuta, chonsecho m'botolomo mulibe madzi, ndipo ntchito yake ndi kutchinga madzi. Mu 1875 Alfred Nobel anapanga bomba lophwanyira miyala lofewa ngati jelatini, ndipo mtundu wake wina unatchedwa "gelignite", kulumikiza jelatini ndi liwu la Chilatini la moto. Chisanu ndi moto m'liwu limodzi! Mabomba a mtundu umenewu ndi amene ankaphulitsa miyala m'migodi ya golide ya ku Johannesburg kumene agogo anu ambiri anapita pa Wenela. Nazo timibulu ta m'bokosi la nsapato n'ta fuko la mchenga, touma, ndipo ntchito yake ndi kuyamwa chinyontho. Ngakhale kanyama ka m'nyanja kamene Angelezi amati "jellyfish" si nsomba ndipo si jeli. Thupi lake pafupifupi magawo 95 pa 100 ndi madzi, ndipo ku Brazil amakatcha "água-viva", madzi amoyo, pamene Afalansa amati "méduse", pokumbukira mkazi wa m'nthano za Agiriki amene tsitsi lake linali njoka. Mtundu wake waung'ono umapezeka ngakhale m'nyanja ya Tanganyika.

Paja akale anati safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ino mwambiwu suli wophiphiritsa kwenikweni. Kathumba ka m'bokosi la nsapato kapena m'botolo la mankhwala si chakudya, ndipo mwana akhoza kutsamwa nako. Jeli wopaka m'manja, kuti aphe tizilombo, amayenera kukhala ndi sipiriti wosachepera magawo 60 pa 100, ndiye kuti amayaka. Musamusiye pafupi ndi mbaula kapena kandulo, ndipo sakumwa. Inu amene mwakula ndikuuzeni mosapsatira mawu: Vaseline ndi mafuta ena otere amafoola mpira wa kondomu n'kuuchititsa kung'ambika, pamene jeli wosungunuka m'madzi, wopangidwira ntchito imeneyo, satero. Onse awiri dzina n'limodzi, koma wina amateteza, wina amawononga chitetezo. Msilamu, kapena Mkhristu wa mpingo umene sudya nkhumba, ayenera kudziwa kuti gawo lalikulu la jelatini wa padziko lapansi limachokera ku zikopa za nkhumba, lina ku ng'ombe, lochepa ku nsomba, ndipo jelatiniyu ali m'maswiti ofewa ndi m'zikuto za makapisozi ambiri, pamene agar ndi pekitini ndi za zomera. Sindikunena kuti munthu asiye mankhwala amene dokotala wamulembera. Ndikunena kuti afunse, kwa wopereka mankhwala ndi kwa atsogoleri a chipembedzo chake. Ngakhale eni Chingelezi sagwirizana okhaokha: ku America "jelly" ndi chopaka pa buledi, ku Britain ndi chakudya chonjenjemera cha ana chija.

Wina mwa inu, amene m'mawa uliwonse amadzuka kukasaka ntchito, anganene kuti, "Agogo, izi ndi nkhani za anthu okhuta. Kudziwa kuti jeli anachokera ku chisanu cha Aroma kundigulira thumba la feteleza?" Sikukugulirani, ndipo ndingakunamizeni nditati kukugulirani. Komabe muone ziwiri. Mwana wa sukulu amene wadziwa kuti "gel" amanena za kuundana ndipo "kolla" amanena za kumata, akakumana ndi mawu khumi achilendo m'buku la sayansi sawaloweza ngati nyimbo ya chilankhulo chosadziwika. Amawazindikira, ndipo chimene wazindikira sichiiwalika msanga. Chachiwiri n'chachikulu kuposa pamenepo. Amalonda amagulitsa mayina. Lero kolajeni akugulitsidwa m'mabotolo okongola pa mtengo wokwera, ndi malonjezo a khungu losalala. Munthu amene akudziwa kuti kolajeni ndi puloteni ya m'zikopa ndi mafupa, yomweyo imene imagwiritsa msuzi wa mang'ina, ndiponso kuti ikadyedwa thupi limaigaya monga limagayira puloteni ina iliyonse, amayamba waganiza asanatulutse ndalama. Chizolowezi chofunsa kuti dzinali likubisa chiyani n'chomwecho chimene chidzakutetezeni pamene wina adzakubweretserani ngongole yotchedwa thandizo, kapena mankhwala otchedwa achilengedwe.

Koma pali kulakwa kwina kumene kumagwira makamaka ophunzira, ndipo n'koopsa chifukwa kumaoneka ngati nzeru. Munthu akangodziwa kumene liwu linachokera amayamba kudzudzula anzake kuti tanthauzo lenileni ndi loyambalo, ena onsewa ndi osokoneza. Zikanakhala choncho, ndiye kuti Vaseline si jeli poti sanaundane ndi chisanu, jamu wa malalanje si "marmalade", ndipo anthu a pulotokolo amene amakhazika alendo pa misonkhano ya boma ndi amisiri omata mapepala, pakuti kwa Agiriki "protokollon" linali tsamba loyamba lomatidwa pa mpukutu wa zolemba, ndipo "kolla" uja ali momwemo. Tanthauzo la liwu limakhala pakamwa pa amoyo amene akuligwiritsa ntchito lero. Mbiri imatiuza njira imene liwulo linadzera, ndi zimene anthu ankaziona ngati zofunika pa nthawi iliyonse, ndipo zimenezo n'zokwanira kutilipira thukuta lathu. Chenjeraninso ndi mbiri zopeka, pakuti khutu limanamiza. Ulipo jelatini wochokera ku chikhodzodzo chosambirira cha nsomba, amene amayeretsera mowa ndi vinyo. Adatchi ankamutcha dzina lotanthauza chikhodzodzo cha nsomba yotchedwa sturgeon, koma Angelezi atalimva anamvamo liwu lawo la galasi, n'kulipinda kukhala "isinglass", ngakhale kuti mulibe galasi. Nalo dzina la Chifalansa lakuti "aspic", la nyama yophimbidwa ndi jeli, limafanana ndi dzina la njoka ina, ndipo akatswiri mpaka lero sanamvane chifukwa chake. Ena amati ndi kuzizira kwa njoka, ena amati ndi maanga ake. Ngati anthu okhala ndi mabuku a zaka mazanamazana amavomera kusiya nkhani yosagamula, musathamangire kukhulupirira uthenga wa pa WhatsApp umene ukuti liwu lakuti linachokera kwakuti chifukwa choti mawu awiri akumveka mofanana.

Ena adzabwera ndi dandaulo la mtundu wina, ndipo ili ndimalimvera chisoni chifukwa limachokera m'chikondi. Adzati liwu lakuti jeli ndi lachilendo, tilitaye, tipeze lathu. Koma mwaona kale kuti Angelezi nawonso analibwereka kwa Afalansa, Afalansa analilandira kwa Aroma, ndipo sayansi ya ku Germany inapita patsogolo ndi liwu la asodzi a ku Malaysia. Chichewa chenichenicho chimene tikufuna kuchitetezacho chinatenga nsapato, kalata ndi mbatata kwa Apwitikizi, buluku kwa Mabunu, ndipo palibe gogo amene amamva chilendo akamatchula mawu amenewa. Abale athu a ku Tete akamati "geleira" akunena firiji, pamene ku Brazil liwu lomwelo ndi phiri la madzi oundana, ndipo ku Portugal firiji ili ndi dzina lina. "Gelu" wa Aroma anafika m'mbali mwa Zambezi n'kupatsidwa ntchito yatsopano. Liwu lobwereka silichotsa ulemu wa chilankhulo. Chimene chimachotsa ulemu ndi kulola liwu limodzi lachilendo kumeza mawu athu asanu amene ankasiyanitsa bwino zinthu.

Ndipo apa ndi pamene pali ngozi yeniyeni, chifukwa pa nkhani ya zinthu zimene si madzi komanso si mwala, Chichewa si chosauka. Magazi amaundana, mafuta a nyama amaundana m'mwezi wa Juni, mkaka ukagona umagwirana n'kukhala chambiko. Therere limananda, ndipo kunanda si kuundana; chonanda chimakokeka osaduka msanga, choundana chimaima pachokha. Dothi la m'dambo limaterera, ulimbo umamata, utomoni umatuluka uli madzi n'kuumira pa khungwa, kondowole amakokeka mwa njira imene nsima ya ufa woyera sichita. Mayi wa kumudzi amasiyanitsa zonsezi osaganizira kawiri, pamene mwana wake wa m'tauni angangoti zili ngati jeli. Taonani liwu lakuti kugwirana. Silinena za chisanu, mchere kapena kuwawasa. Limanena kuti timagawo ta chinthucho tagwirana tokhatokha, ndipo pa mayina onse amene tawayendera lino ndi limodzi mwa amene ayandikira kwambiri zimene sayansi inadzapeza za tizingwe tolukana tija. Ulimbo nawo ndi liwu lakale la fuko lathu: Aswahili amati "ulimbo", Ashona amati "urimbo", osati chifukwa chobwerekana, koma chifukwa makolo a zilankhulozi ankatchera mbalame ndi chinthu chomwecho asanabalalike. Sindikukuuzani izi kuti mudzitukumule. Chichewa nachonso chinaona mbali yake yokha. Poti kwathu mitsinje siuma ndi chisanu, tili ndi liwu la matalala koma madzi a m'firiji tinachita kuwafotokoza kuti oundana, kapena kubwereka ayezi. Ndipo namwino akafuna agar ayenera kunena kuti agar, pakuti kungoti chogwirana sikungamuuze mnzake kuti atenge botolo liti.

David Clement Scott atasindikiza dikishonale yake ya Chimang'anja mu 1892 anasunga mawu ambiri amene lero simungawamve pamsika, ndipo ntchito yosonkhanitsa mawu inapitirizidwa ndi a Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Koma buku silingafike pa mafuwa onse. Mawu onena za kakokedwe ka phala, kaimidwe ka msuzi, kusiyana kwa therere la chewe ndi lobala likapsa, ambiri akadali pakamwa pa amayi okalamba a ku Ntchisi, ku Katete, ku Angónia ndi ku Nsanje, ndipo sagwirizana kuchoka dera lina kufika lina. Inu muli ndi mafoni olembera ndi ojambula mawu, chinthu chimene Scott analibe. Kafunseni agogo anu akadali moyo, ndipo mukalemba liwulo mulembenso mudzi umene mwalimva ndi chinthu chimene chinali m'mbale pamene linkanenedwa.